Siliva, Zoumba ndi Zofukula Pamaso pa Nyundo ya Okushoni

Mlimi wa fodya wa ku Nselema, ngakhale iye amene sanapondepo ku Limbe, safuna womuphunzitsa kayendedwe ka okushoni, pakuti kuyambira chaka cha 1938, pamene malonda amtundu umenewu anatsegulidwa m'tauni imeneyo, anthu a dziko lino akhala akudziwa kuti kuli msika wina kumene mwini katundu sanena mtengo, koma ogula ndiwo amalimbirana, wina kukwera pamwamba pa mnzake, kufikira atatsala mmodzi amene palibenso womposa. Chimene ambiri sanamve n'chakuti kutsidya kwa nyanja, ku London, ku Paris, ku New York ndi ku Hong Kong, kuli nyumba zikuluzikulu zimene zimagulitsa mwa njira yomweyo katundu amene sadyedwa, savalidwa, ndiponso sasutidwa: masupuni ndi matipoti asiliva a anthu amene anagona kalekale, tizidole tadothi loyera tokwana m'dzanja limodzi, ndi zinthu zofukulidwa pansi zimene mayina a eni ake anaiwalika. Ziwiri mwa nyumba zimenezi, Sotheby's ndi Christie's, zinayamba m'chaka cha 1744 ndi cha 1766, ndiko kuti zinali zitakhwima kale pa malonda pamene makolo a Amachinga anali asanachoke kum'mawa kudzamanga midzi yawo pakati pa mtsinje wa Shire ndi nyanja za Chiuta ndi Chilwa.

Kachitidwe kake sikatalikirana ndi ka fodya. Mwini chinthu amachipereka kwa eni nyumbayo, ndipo akatswiri awo amachiyesa, nachijambula, nachilemba m'kabuku ka malonda pamodzi ndi mtengo umene akuyembekeza kuti chipita nawo. Koma pamakhalanso mtengo wina wosaulula, umene mwini ndi nyumbayo apangana, kuti ogula akalephera kufikapo chinthucho chibwerere kwa mwini wake. Tsiku la malonda likafika, woitanira mitengo amaima pansanja ali ndi kanyundo m'manja, ndipo ogula, ena ali m'chipinda momwemo, ena pa foni, ena pa intaneti, amakweza mtengo kufikira kanyundoko katagunda. Komatu mtengo wa pa kanyundo si umene wogula amalipira, ndiponso si umene wogulitsa amapita nawo kwawo. Kuyambira mu 1975 nyumba ziwiri zija zinayamba kulipiritsa wogula ndalama yapamwamba, imene poyamba inali 10 pa 100 iliyonse, ndipo lero kawirikawiri imafika gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengowo. Wogulitsa nayenso amadulidwa yake, kotero kuti nyumbayo imadya mbali zonse ziwiri.

Koma pali chinthu chimodzi chimene fodya alibe, chimene pa malonda a zinthu zakale chimaposa zonse. Wogula fodya amagwira tsamba, naona mtundu wake ndi kukhuthala kwake, ndipo safunsa kuti agogo a mlimiyo anali yani. Wogula chinthu chakale amafuna mbiri yake: anachipanga ndani, kuti, liti, ndipo chadutsa m'manja mwa yani kufikira lero. Mbale ziwiri zofanana m'maonekedwe zikhoza kusiyana mtengo kutali, chifukwa chokha chakuti ina ili ndi makalata osonyeza kumene inachokera pamene inzake ilibe. Chimene kanyundo kaja kamagulitsa, tsono, ndi umboni. Ndipo apa ndi pamene katundu wa ku Ulaya ndi katundu wa makolo athu amapatukirana, pakuti wa ku Ulaya amanyamula umboni wake pathupi pake, ndipo angayende nawo kulikonse, pamene wathu umboni wake uli m'nthaka imene anagonamo ndi m'kamwa mwa akuluakulu amene amamdziwa.

Siliva ndiye amaonetsa zimenezi poyera. Pa yekha ndi wofewa, kotero osula amamsakaniza ndi mkuwa pang'ono kuti alimbe. Ndipo popeza diso la munthu silingaone kuchuluka kwa mkuwa umene wabisidwamo, mafumu a ku England, kuyambira chaka cha 1300, analamula kuti chiwiya chilichonse chasiliva chiyesedwe ndi kudindidwa chisanapite pa msika. Muyeso wake ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000. Amene ali ndi supuni yakale m'nyumba aitembenuze, ayang'anitsitse kumsana kwa chogwirira chake: akaona kamkango koyenda, katakweza mwendo umodzi wakutsogolo, adziwe kuti chidindo chimenecho, chimene chinayamba mu 1544, chikuchitira umboni kuti silivayo ndi wa muyeso; mutu wa kambuku ukunena kuti anayesedwa ku London, nangula ndi Birmingham, ndipo chisoti chachifumu pa ziwiya zakale ndi Sheffield, chilembo chimodzi choima pachokha chimatchula chaka, ndipo zilembo ziwiri kapena zitatu ndi dzina la wosula. Mwa nzeru zonse zimene azungu anakhazikitsa pa zamalonda, iyi ndimaiyesa yoyenera ulemu, chifukwa imateteza wosauka ndi wolemera mofanana, ndipo supuni yosulidwa zaka 200 zapitazo imatha kudzinenera yokha pamaso pa munthu amene sanaone konse dziko limene inachokera.

Ziwiya zotere zinafika ndithu kuno kwathu. Azungu a m'maesiteti ndi akuluakulu a boma ku Zomba, limene linali likulu la dziko kufikira 1975, pobwerera kwawo ankagulitsa katundu wa m'nyumba kapena kusiyira ophika ndi antchito awo, ndipo amuna obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury ankabwera ndi zina m'masutikesi. Koma owerenga asafulumire kudziyesa olemera. Mu 1840 kampani ya Elkington ya ku Birmingham inatenga chilolezo cha njira yokutira chitsulo wamba ndi siliva wopyapyala pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo kuyambira pamenepo dziko lonse linadzaza ndi mathireyi, matipoti ndi mafoloko onyezimira amene m'kati mwake mulibe siliva ngakhale pang'ono. Chizindikiro chake ndi zilembo zinayi, EPNS, ndipo chiwiya chotere chikatsukidwa zaka zambiri chimayamba kuonetsa chikasu m'makona. Chikomekome cha nkhuyu, anatero akale, m'kati muli nyerere. Sikuti n'chachabe ayi, pakuti tiyi amakoma chimodzimodzi. Koma pa okushoni mtengo wake ndi wochepa.

Nkhani ya ndalama zakale ndiyo imasokoneza mitima ya anthu ambiri, ndipo iyenera kunenedwa mosapsatira. Ndalama zasiliva za ku Britain zinali za muyeso wa 925 kufikira 1919. Kuyambira 1920 siliva anatsitsidwa kufika theka, ndipo kuyambira 1947 anachotsedwamo kotheratu, m'malo mwake n'kuikamo mkuwa wosakaniza ndi chitsulo choyera. Sheleni ya 1910 ndi sheleni ya 1950 n'zofanana kukula, koma ina ndi siliva, inzake ayi. Khobidi lobowola pakati lija, la m'nthawi ya Chitaganya, lokhala ndi njovu ziwiri, linayamba mu 1955, ndi lamkuwa, ndipo linasulidwa lambirimbiri. Amene amayendayenda m'misika kunong'oneza anthu kuti lili ndi mphamvu yobisika, kapena kuti kuli mzungu wina amene akuligula ndi mamiliyoni bola mutayamba mwapereka kandalama ka ulendo, ndi akathyali, ndipo chimene akufuna si khobidilo koma kandalama kaulendoko. Chodabwitsa koposa ndi ndalama yaikulu yasiliva ya ku Austria yokhala ndi nkhope ya mfumukazi Maria Theresa, yolemera pafupifupi magalamu 28, imene amalonda a ku Zanzibar ankawerengera mitengo ya minyanga ndi ya anthu m'masiku amene maulendo a Ayao ankatsikira ku Kilwa. Mfumukaziyo inamwalira mu 1780, koma popeza amalonda a ku Arabia ndi a m'mbali mwa nyanja ankakana ndalama ya maonekedwe ena, osula anapitiriza kuisula ndi chaka chomwecho cha 1780, ndipo ikusulidwabe ku Vienna mpaka lero. Chaka cholembedwa pa chinthu si msinkhu wake nthawi zonse. Safunsa anadya phula.

Osula a m'mbali mwa nyanja yamchere ankasungunula ndalama zoterezi n'kupanga zibangili, mphete ndi zokometsera zina, ndipo pamenepo chidindo chonse chinkatha. Taganizani za chipini, chimene amayi achiyao ankavala pamphuno, chimene mwina chikadali m'kachitini pansi pa bokosi la agogo ena ku Nselema kapena ku Ntaja. Chilibe kamkango, chilibe nangula, chilibe chaka. Pa sikelo ya wogula kulemera kwake sikungagule ngakhale nkhuku. Koma ngati mdzukulu angathe kunena kuti chinali cha mayi uje, wa mbumba yakuti, ndipo anachivala atatuluka ku nsondo m'masiku a mfumu yakuti, kanthu kakang'onoko kamasanduka tsamba la mbiri ya dziko. Mdzukuluyo akamwalira asananene, kamabwerera kukhala kachitsulo.

Zoumba nazo zili ndi mbiri yawoyawo. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku China okha ndi oyandikana nawo ndiwo ankadziwa chinsinsi cha dothi loyera limene likawotchedwa pa moto waukali limalimba, limalira likagogodedwa, ndipo kuwala kumadutsamo. Mafumu a ku Ulaya ankataya chuma chosaneneka kugula mbale zake, kufikira Johann Friedrich Böttger, amene mfumu Augustus ya ku Saxony inamtsekera kuti aipangire golide, anathandiza kutulukira kapangidwe kake, ndipo mu 1710 fakitale inatsegulidwa ku Meissen, pafupi ndi Dresden. Kumeneko ndiko kunafala tizidole ta abusa a nkhosa, oimba, mbalame ndi anyani, tokhala ndi chizindikiro cha malupanga awiri opingasana, abuluu, pansi pake. Chizindikirocho chinabedwa ndi mafakitale ena osawerengeka, kotero katswiri sakhulupirira malupanga okha, koma amayang'ana kulemera, mtundu wa utoto, ndi ngati mutu kapena chala chinathyokapo n'kumatidwa. Agalu adothi ndi atsikana onyamula maluwa amene amakongoletsa makabati athu ndi zidzukulu za tizidole timeneti, zopangidwa m'zikombole zikwizikwi, ndipo ulemu wawo ndi wa amene anatipatsa, osati wa pa msika. Koma mtengo wa zenizeni umazunguza mutu: mu 2014, ku Hong Kong, kakapu ka m'nthawi ya mfumu Chenghua ya ku China, imene inalamulira kuyambira 1465 mpaka 1487, kojambulidwa tambala, thadzi ndi anapiye, kanagulidwa ndi madola a ku America pafupifupi 36 miliyoni.

Dothi loyera limeneli linalowanso m'mbiri yathu mwa njira imene ambiri saidziwa. Mphande, chokometsera chozungulira chodulidwa ku tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere, chinali chizindikiro cha ulemerero m'maiko onse a pakati pa Africa; David Livingstone, atalandira imodzi kwa mfumu Shinde mu 1854, anauzidwa kuti mphande ziwiri zinkagula kapolo, ndipo zisanu zinkagula nyanga ya njovu. Amalonda a ku Ulaya ataona zimenezi, anayamba kupanga mphande zadothi loyera m'mafakitale n'kuzithira m'dziko. Kunamiza ndi chinthu chooneka ngati chenicheni, tsono, sikunayambe lero, ndipo makolo athu nawonso ananamizidwa.

Nanga ife tinalibe tizidole tathu? Tinali nato, ndipo pano ndi pamene mtima wa nkhaniyi wagona. Anyamata oweta ankaumba ng'ombe zadothi kudambo, zokhala ndi linunda ndi nyanga, n'kuzisiya mvula iziphwanye. Anamkungwi a Achewa ankaumba chingondo, chifanizo cha nyama chimene namwali ankasenza pamutu pa tsiku lake lalikulu. Akuluakulu a Ayao, pa mwambo wa anyamata, ankaumba pansi zifanizo zikuluzikulu zotchedwa inyago, zimene Dr. Meredith Sanderson anazilongosola m'zolemba zake mu 1955, ndipo chachikulu mwa izo chinali Namungumi, chilombo cha m'madzi. Zonsezi sizinapangidwe kuti zikhale pa shelefu, kapena kuti zionedwe ndi aliyense wodutsa; zinali chiphunzitso, ndipo chiphunzitso chikalowa mumtima mwa wophunzira, dothi linali litatha ntchito yake. Wosula wa ku London ndi woumba wa ku Meissen ankapangira msika kuyambira tsiku loyamba, kotero kugulitsa ntchito yawo pa okushoni sikulakwira munthu aliyense; koma chinthu cha mwambo chikafika pamaso pa kanyundo, chiyenera kuti chinatuluka pakhomo limene sichinayenera kutulukira.

Zofukula ndizo zimafuna kudekha koposa. Boma litakhazikitsa nthambi yoona za zinthu zakale mu 1967, katswiri wina dzina lake Keith Robinson anakumba m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi ndi m'chigwa cha Shire, ndipo pa Nkope anapeza mapale a miphika yokhuthala milomo, yolembedwa mizere, ya alimi ndi osula zitsulo oyamba amene anakhala m'dera lino zaka zoposa 1,500 zapitazo. Miphika ina yochepa thupi, ya m'nthawi yapambuyo, inatchedwa ya Mawudzu, potengera phiri la m'boma lomwelo, ndipo akatswiri amaigwirizanitsa ndi Amaravi. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, zamkuwa, zidutswa za minyanga, ndiponso tizibenthu ta mbale za ku China. Tizibenthu timeneto pa okushoni sitingapeze wotiyang'ana, pakuti ndi tosweka. Koma popeza tinapezeka pamalo podziwika, pa kuya kodziwika, pakati pa mapale a Achewa ndi mafupa a nyama zimene iwo ankadya, timachitira umboni kuti azungu asanabwere ndi mbendera yawo, mfumu ya m'dziko lino inali kale pa malonda ofika ku Asia.

Apa owerenga amvetse chifukwa chake akatswiri amakumba ndi kasupuni ndi kaburashi pamalo pamene munthu wa khasu akanamaliza tsiku limodzi. Nthaka imaunjikana m'mizere, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Khala limodzi logona pambali pa mphika likhoza kupimidwa n'kuulula zaka zimene zapita chizimire moto umenewo, ndipo zaka za khalalo ndizo zaka za mphikawo. Munthu akazula mphika n'kuusasa dothi, n'kuutsuka kuti ukongole pamaso pa wogula, wafafaniza ndi manja ake zimene zinasungika zaka chikwi, ndipo palibe katswiri padziko lapansi amene angazibwezere. Ku Nigeria mitu yadothi ya ku Nok, ndi ku Mali zoumba za ku Djenné, zitatchuka pa misika ya ku Ulaya, anthu anakumba minda ndi zitunda usiku ndi usana, kotero kuti lero zambiri zili m'nyumba za olemera, zokongola ndithu, koma zosadziwika mudzi wake kapena ntchito yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo msika sudekha.

Sizonse zimene zinachoka mu Africa zinachita kukumbidwa. Zina zinatengedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Mu 1897 asilikali a Britain anawotcha mzinda wa Benin natenga zosula zamkuwa ndi zosema zaminyanga zikwi zingapo, ndipo zambiri zinagulitsidwa ku London n'kumwazikira m'maiko. Germany inavomera kubweza umwini wa zimene inali nazo mu 2022, patapita zaka 125. Mu 1889 mlenje wina, Willi Posselt, anachotsa mbalame yamwala pa mabwinja a Great Zimbabwe posinthanitsa ndi mabulangete, naigulitsa kwa Cecil Rhodes. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka m'mgodi ku Kabwe mu 1921 chinapita ku London, ndipo Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri. Dera lathu lino nalo linaona nkhondo zamtundu womwewo: mu 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Kawinga pa phiri la Chikala ndi Jalasi pa phiri la Mangochi, kumene makoma a linga limene anamanga pambuyo pake akali chiimire chapafupi ndi Namwera. Sindinena izi pofuna kuyeretsa mafumu amenewo, pakuti malonda a anthu amene ankachita anali choipa chachikulu pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Koma goli, unyolo, mfuti ya gogodela ndi mkanda wa m'masiku amenewo ndi mboni za choipacho, ndipo mboni iyenera kukhala kumene mlandu unachitikira, kuti ana a ogulitsa ndi ana a ogulitsidwa, amene lero amakwatirana ndi kupemphera pamodzi, aione ndi maso awo.

Nkhani ina ikuonetsa mmene wosadziwa amalirira. Mu 2021 banja lina la okalamba ku France, posesa m'nyumba yawo, linagulitsa chigoba chamtengo kwa wogula katundu wakale pa mayuro 150. Chinali chigoba cha mwambo wa Ngil wa anthu a mtundu wa Fang a ku Gabon, chimene kholo lawo, bwanamkubwa wa atsamunda, linabwera nacho kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. M'mwezi wa Marichi 2022 chinagulitsidwa pa okushoni ku Montpellier pa mayuro 4.2 miliyoni. Okalambawo anakasuma, boma la Gabon nalo linalowererapo kupempha kuti chibwerere kwawo, koma m'Disembala 2023 khoti linakana onse awiri. Ngati anthu ophunzira, okhala m'dziko la malonda amenewa, anagwa chotero, nanga mayi wamasiye wa kumudzi, amene mlendo wa pa njinga yamoto wamuonetsa ndalama zogulira thumba la chimanga m'mwezi wa Febuluwale, adzalimba bwanji? Sindimuweruza, pakuti njala ilibe manyazi, ndipo Esau sanagulitse ukulu wake ali wokhuta; koma amene ali ndi chakudya m'nkhokwe akumbukire Naboti, amene anakaniza ngakhale mfumu cholowa cha makolo ake.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso mbali inayo. Osonkhanitsa zinthu zakale si akuba onse, ndipo zambiri zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale lero zikanadyedwa ndi chiswe kapena kupsa ndi moto wolusa akanapanda kuzitola. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayamba ntchito ya Kungoni mu 1976, ndipo zigoba za Gule Wamkulu zimene zasungidwa kumeneko zili ndi mayina ake ndi matanthauzo ake, chifukwa anafunsa eni mwambo nalemba zimene anamuuza. Kusonkhanitsa koyenera ndi kumeneko. Ifenso eni dziko tili ndi mlandu wathu, pakuti mtsuko wagonja kwa chigubu chapulasitiki, nkhali yagonja kwa poto, ndipo woumba wokalamba akamwalira m'mudzi, kawirikawiri palibe amene amasunga ngakhale mphika umodzi wa manja ake. Timadandaula za zimene alendo anatenga pamene zotsala tikuzitaya kudzala.

Wofuna kugula achenjere pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi ukalamba wochita kupanga: chosema cha dzulo chikafukizidwa pa utsi, n'kukwiriridwa m'dothi masabata angapo, n'kupakidwa mafuta, chimaoneka cha m'nthawi ya makolo. Osema a m'mbali mwa msewu wa Zomba ndi Liwonde, amene mipando yawo yachifumu yafika m'maiko ambiri, ndi amisiri enieni, ndipo ntchito yawo iyenera kugulidwa monga yatsopano, pa mtengo wolemekeza thukuta lawo, popanda bodza la zaka. Chachiwiri ndi minyanga. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ndipo lamulo la Malawi loteteza nyama zakuthengo, monga linakonzedwera mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ya nyama zotetezedwa koposa, monga njovu. Khoza la agogo lisatuluke m'nyumba kupita pa msika, pakuti wapolisi wa pa chipata cha Chiponde kapena cha Nayuchi sadzaliona ngati cholowa, adzaliona ngati nyanga ya njovu.

Pa zofukula lamulo lilipo kale. Maiko anapangana mu 1970, pansi pa UNESCO, kuthana ndi kuzembetsa chuma cha chikhalidwe, ndipo nyumba za okushoni zodzilemekeza zimakayikira chinthu chimene mwini wake sangasonyeze kumene chinali chaka chimenecho chisanafike. Kuno kwathu lamulo la Monuments and Relics Act, la kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, limaletsa kukumba pofunafuna zinthu zakale popanda chilolezo, limaletsa kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo, ndipo limalamula wopeza chinthu chotere kudziwitsa boma.

Tsono inu owerenga a ku Nselema, a ku Ntaja, a ku Ulongwe ndi a ku Utale, mukamakumba maziko a nyumba, chimbudzi kapena dothi la njerwa, khasu lanu likagunda mapale olembedwa mizere, mikanda, zotsalira za ng'anjo kapena mafupa, imani pomwepo; musazule, musatsuke. Jambulani ndi foni zili pamalo pake, kauzeni amfumu, ndipo uthenga ukafike ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Machinga kapena la Balaka, kapena ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Mangochi ndi ku Chichiri. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli chipini, mphande, ndodo ya ufumu, kitabu cholembedwa pamanja kapena supuni ya kamkango, khalani pansi ndi agogo akadali ndi mawu, muwafunse mwini wake woyamba, mudzi wake ndi njira imene chinayenda, mulembe zonse m'kope pamodzi ndi dzina la wokuuzani ndi tsiku limene wanena, ndipo kopelo mulisunge m'bokosi limodzi ndi chinthucho.